Mwezi Wadutsa Osasamba: Kodi Ndi Mankhwala?

 Ena muli pamoto mukuvundula nsima, ena mwangofika kumene kuchokera kudimba kapena kumsika, ena mwagona m'chipatala wailesi ili pamutu. Takulandirani nonse ku pulogalamu yathu ya zaumoyo.

Nkhani ya lero ndi ija timainong'onezana kuseri kwa nyumba, koma ine ndiilankhula poyera, mwaulemu. Tikamba za msambo, kupita kumwezi, masiku aja amene kwathu kuno ena amati mayi sathira mchere m'ndiwo. Abambo, chonde musadzuke kuti izi ndi za akazi. Pali mawu anu kutsogoloku.

Amayi, tsiku limene mumayembekezera lafika, ladutsa. Mawa lake, zii. Mlungu watha, palibe kanthu. Tulo tayamba kuvuta, mukungowerenga masiku pa zala usiku. Ena mtima uli m'mwamba ndi chimwemwe chifukwa mwakhala mukufuna mwana. Ena mtima uli thi thi thi chifukwa wakumbuyo sanayambe n'kuyenda komwe. Enanso mukudabwa chabe, poti mukudziwa bwino kuti pathupi palibe pochokera.

Mawu amene ndikufuna mugone nawo lero ndi awa: msambo ukachedwa, musalote. Yezetsani kaye ngati muli ndi pathupi, kenaka muyang'ane mankhwala amene mukumwa kapena kubayitsa, ndipo musawasiye panokha. Ndiwabwereza mawuwa, musatope nane.

Tiyambe ndi kumvetsa kuti magazi a kumwezi amachokera kuti, chifukwa mantha ambiri amabadwira pamenepa.

Taganizani za mayi amene akuyembekezera mlendo. Amasesa m'nyumba, n'kuyala mphasa. Mlendo akapanda kubwera, amaipinda mphasa ija, ndipo tsiku lina adzayalanso. Chiberekero chimachita chimodzimodzi. Mwezi uliwonse chimayala kansalu kofewa, kodzaza ndi timitsempha ta magazi, kukonzekera mwana. Dzira likapanda kukumana ndi mbewu ya abambo, kansalu kaja kamayoyoka n'kutuluka. Umenewo ndiye msambo. Si zonyansa zimene thupi limasonkhanitsa kuti litaye ayi. Ndi mphasa imene inayalidwa, mlendo osabwera.

Nanga amalamula kuti mphasa iyalidwe ndani? Lamulo limachokera ku ubongo. Ubongo umatumiza uthenga ku timatumba ta mazira kudzera m'timadzi totchedwa mahomoni, timatumbato n'kutumizanso uthenga ku chiberekero. Chilichonse chimene chasokoneza amithengawa panjira, kaya ndi matenda, nkhawa, njala kapena mankhwala, chimasuntha tsiku la msambo.

Powerenga, yambani tsiku loyamba kuona magazi mpaka tsiku loyamba la ulendo wotsatira. Kwa mayi wamkulu, masiku 21 mpaka 35 ndi abwinobwino. Si aliyense amene amayendera masiku 28. Kusuntha ndi masiku awiri kapena atatu si matenda. Mtsikana amene wangotha msinkhu kumene amatha kudumphitsa mwezi m'zaka zoyambirira, thupi likadaphunzira. Mayi amene akuyandikira kusiya kusamba, zimene kwa ambiri zimachitika pakati pa zaka 45 ndi 55, nayenso masiku ake amayamba kutalikirana. Woyamwitsa mwakathithi amatha miyezi osaona kanthu. Maliro, mayeso a sukulu, kuwonda kwambiri, matenda a chithokomiro, shuga wosasamalidwa, zonsezi zimachedwetsa. Koma lero tatsamira pa mankhwala.

Tisanafike kumeneko, kuyezetsa. Kachipangizo koyezera pathupi ndi mkodzo kamapezeka kuchipatala ndi m'mafamase. Kamayamba kunena zoona kuyambira tsiku limene munayenera kusamba, makamaka mukagwiritsa ntchito mkodzo woyamba wa m'mamawa. Kakakana koma msambo osabwerabe, dikirani mlungu umodzi muyezenso. N'chifukwa chiyani ndikuumirira kuyezetsa ngakhale kwa mayi amene ali pa kulera? Mumva posachedwa.

[Kanyimbo]

Mwatipeza tikukamba za kuchedwa kwa msambo ndi mankhwala. Tsopano tilowe m'nkhani ya kulera, ndipo tiyambe ndi jakisoni, poti ndiyo njira imene amayi ambiri m'Malawi muno amaikonda.

Jakisoni wa miyezi 3, uja wa Depo-Provera, kapena mnzake Sayana Press amene amayi ena anaphunzitsidwa kudzibaya okha kunyumba, ali ndi homoni imene imauza timatumba ta mazira kuti tipume. Dzira silikhwima, ndipo kansalu ka m'chiberekero kamakhala kopyapyala kwambiri. Miyezi yoyambirira mayi amatha kumangodontheza, lero pang'ono, mawa zii, mkuja pang'ono. Pakatha chaka, pafupifupi theka la amayi obayitsa saonanso msambo.

Apa ndi pamene pamabuka mawu aja timawamva pamjigo ndi kuchigayo, akuti magazi akuunjikana m'mimba, adzaundana n'kusanduka chotupa. Amayi anga, ndikupempheni mumvetsere bwino. Palibe magazi amene akuunjikana. Kumbukirani mphasa ija. Mayi wa jakisoni sanayale mphasa n'komwe, ndiye apinda chiyani? Magazi anu ali m'mitsempha momwe amayenera kukhala, akuyenda, akugwira ntchito. Ndipotu kwa mayi amene ankataya magazi ambiri mwezi ndi mwezi mpaka kumachita chizungulire, kupuma kumeneku kumathandiza kuti magazi abwerere m'thupi.

Nkhani imeneyi imandikhudza, chifukwa mayi amene wachita mantha ndi mphekesera sabwerera kukabayitsa, ndipo safunsanso njira ina. Amangokhala. Pakapita miyezi, uyo ali ndi pathupi pamene sanakonzekere, mwana wina ali kumsana. Chikhala kuti kusasambako kukukusowetsani mtendere, ndi ufulu wanu kusintha njira. Pitani mukanene kwa anamwino kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kuti, ine njira iyi sindikugwirizana nayo. Njira zilipo zambiri, kuchipatala cha boma ngakhalenso ku Banja La Mtsogolo.

Chinanso cha jakisoni n'chakuti mukasiya, msambo subwerera mawa lake. Mankhwala amachoka m'thupi pang'onopang'ono. Ena amadikira miyezi ingapo, ena chaka chimakwana. Apongozi amayamba kuyang'ana cham'mbali, abambo amayamba kufunsa. Kuchedwa kumeneku si kuuma kwa chiberekero. Jakisoni satseketsa kubereka. Ngati mukulingalira zokhala ndi mwana chaka chamawa, kambiranani ndi anamwino lero, kuti mwina akusinthireni njira imene mphamvu yake imatha msanga.

Koma pali msampha. Mayi amene anazolowera kusasamba chifukwa cha jakisoni, akadumphitsa tsiku lobayitsa ndi milungu yoposa 4, akhoza kutenga pathupi osadziwa, poti chizindikiro chimene chikanamuuza chinali chitasowa kale. Ena amadzazindikira mwana akugunda m'mimba, sikelo atachedwa nayo. Ndiye onani tsiku limene linalembedwa m'buku lanu la kuchipatala. Ngati ladutsa kalekale, yezetsani.

Za kapamkono ndinena mwachidule, chifukwa n'zofanana. Implanon, ka zaka 3, ndi Jadelle, ka zaka 5, timasintha msambo mosiyanasiyana: wina amadontheza, wina amasamba patalipatali, wina amasiyiratu. Mapilitsi aja amaperekedwa kwa oyamwitsa amachitanso chimodzimodzi. Mapilitsi ena a tsiku ndi tsiku amachepetsa magazi, mwezi wina n'kungoona kadontho.

Lupu ndi yosiyana, ndipo apa tcherani khutu. Lupu ya kopa, imene ambiri amaikitsa, ilibe homoni. Siimitsa msambo, kawirikawiri imauchulukitsa. Choncho mayi wa lupu yotere akadumphitsa mwezi, asanene kuti ndi lupu. Apite akayezetse.

Atsikana, mawu anu ndi awa. Mapilitsi a pangozi, aja mumamwa mutagonana mosadziteteza, amagwira ntchito pochedwetsa dzira. Dzira likachedwa, msambo umasunthanso. Ukhoza kufulumira, ukhoza kuchedwa ndi masiku angapo. Ukachedwa kuposa mlungu umodzi, yezetsani, chifukwa mapilitsiwa sagwira nthawi zonse. Ndipo amene mukumwa kawiri katatu pa mwezi, masiku anu adzasokonekera mpaka simudzadziwanso powerengera. Kapezeni njira yokhazikika. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

[Kanyimbo]

Tikupitiriza. Tanena kuti msambo ukachedwa tiyezetse kaye, kenaka tiyang'ane mankhwala, ndipo tisawasiye patokha. Tsopano tikambe za mankhwala amene si akulera konse, amene ambiri sawaganizira n'komwe.

Ndiyamba ndi mankhwala a matenda a maganizo, ndipo pano ndichedwapo pang'ono.

M'thupi muli homoni yotchedwa prolactin. Ntchito yake ndi kupanga mkaka wa m'mawere. Ndi yomweyo imene imagoneka msambo mayi akamayamwitsa. Mankhwala ena a matenda a maganizo, monga chlorpromazine, haloperidol ndi risperidone, amaikweza homoni imeneyi. Thupi limanamizika, limayesa kuti likuyamwitsa. Msambo umaima, ndipo nthawi zina mawere amayamba kutuluka mkaka.

Tayerekezani tsopano mtsikana wa zaka 20, wosakwatiwa, amene anadwala n'kukalandira thandizo ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu. Wabwerera kumudzi, akumwa mankhwala, wayamba kupeza bwino, akutunga madzi, akuseka ndi anzake. Kenaka amayi ake aona kuti miyezi yadutsa mwana osachapa nyanda, ndipo bulauzi ikunyowa pachifuwa. Mukuganiza kuti pakhomopo panenedwa zotani? Wina ati anataya pathupi mobisa. Wina ati walodzedwa. Wina ati mankhwala a kuchipatalawa akumuwononga, atayeni. Akawataya, matenda aja amabwerera, mwinanso mwamphamvu kuposa kale, ndipo mtsikana amene anali atayamba kuchira ayambiranso pachiyambi, atanyozedwa pa mlandu umene sanapalamule.

Makolo, azakhali, anankungwi, mukaona zotere musayambe ndi kukalipa. Mutengeni mwanayo mubwerere naye kumene analandira mankhwala. Adokotala amaidziwa nkhaniyi. Amatha kuchepetsa mlingo kapena kusintha mtundu wa mankhwala, msambo n'kubwerera, mutu ukadali bwino. Ndipo mayi amene ali pa mankhwala amenewa asadalire kusasambako ngati kulera. Dzira likhoza kukhwima tsiku lililonse iye osadziwa.

Pali mankhwala ena amene amakweza homoni yomweyi, monga metoclopramide, woletsa kusanza, akamwedwa nthawi yaitali. Mankhwala amphamvu opha ululu, monga morphine ndi tramadol, akamwedwa miyezi yambiri amagonetsa uthenga wochokera ku ubongo uja. Mankhwala a khansa amatha kuimitsa msambo kwa kanthawi, ndipo kwa amayi okulirapo nthawi zina mpaka kalekale. N'chifukwa chake mayi amene akufunabe ana ayenera kufunsa za nkhaniyi asanayambe kuwalandira.

Palinso prednisolone ndi dexamethasone. Awa ndi mankhwala ofunika kwa odwala mphumu ndi matenda ena, akaperekedwa ndi dokotala. Koma alipo atsikana amene amawagula mwamseri kuti anenepe, aoneke odzaza. Ana anga, kunenepa kwake si kwa thanzi ayi. Amasokoneza msambo, amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amafooketsa chitetezo cha m'thupi. Ngati mwakhala mukumwa kwa nthawi yaitali, musasiyenso mwadzidzidzi, chifukwa kutero n'koopsa. Kauzeni adokotala zoona zake, akutsitsireni pang'onopang'ono.

Tsopano gulu lina, limene limachedwetsa msambo mozungulira. Paja ndinalonjeza kuti ndinena chifukwa chake ngakhale mayi wa kulera ayenera kuyezetsa. Nachi chifukwa chake.

Mankhwala ena amafulumizitsa chiwindi, ndipo chiwindi chimaphwanya homoni ya kulera isanagwire ntchito yake. Wamkulu wa onse ndi rifampicin, amene ali m'mankhwala a chifuwa chachikulu, uja amafiiritsa mkodzo. Ena ndi mankhwala a khunyu: phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin. Mayi akumwa mapilitsi ake akulera mokhulupirika, kapena ali ndi kapamkono, koma mphamvu yake yachepa iye osadziwa. Msambo ukachedwa amati ndi kulera, pamene ndi pathupi. Jakisoni wa miyezi 3 ndi lupu ya kopa sizifooka ndi mankhwala amenewa. Choncho mukayamba mankhwala a TB kapena a khunyu, nenani njira yakulera imene muli nayo. Akakhala kuti sanakufunseni poti mzere ndi wautali, yambani ndinu. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Amene muli pa ma ARV, mtima ukhale m'malo. Mankhwala akale okhala ndi efavirenz ankafooketsa kapamkono, koma kuyambira chaka cha 2019 anthu ambiri m'dziko muno anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene salimbana ndi njira zakulera. Ndipotu mayi amene anawonda ndi matenda mpaka msambo kuima, akayamba ma ARV thupi n'kubwerera, msambo umabwereranso, ndi mphamvu yobereka yomwe. Musasiye ma ARV chifukwa cha msambo, ngakhale tsiku limodzi.

A khunyu, mawu omwewo. Pali mankhwala otchedwa sodium valproate amene amasokoneza msambo mwa amayi ena, ndiponso akhoza kuvulaza mwana wosabadwa. Mayi amene akumwa amenewa akadumphitsa mwezi, apite kuchipatala mlungu womwewo. Koma asawasiye yekha, chifukwa kugwa khunyu pafupi ndi moto kapena pachitsime, ali ndi pathupi, ndi ngozi ya miyoyo iwiri.

Nanga Panado, amoxicillin, mankhwala a malungo? Ambiri amawanamizira. Mayi wadwala malungo, wamwa LA, msambo wachedwa, ndiye akuti ndi mankhwala aja. Kawirikawiri chimene chachedwetsa ndi kudwalako: kutentha thupi, kusadya, kufooka. Thupi likakhala pankhondo limaimika kaye zoyala mphasa. Mwezi wotsatira zimabwerera m'malo mwake.

Ndisanafike kwa abambo, mawu awiri a ngozi. Ngati mukugwira ntchito, taimani kaye mumve.

Oyamba. Msambo wachedwa, kenaka mwayamba kumva kupweteka kobaya pachinena, makamaka mbali imodzi, mwina mukudontheza timagazi takuda, mukuchita chizungulire, mukufuna kukomoka, mwinanso phewa likupweteka. Musadikire kuti kuche. Pakhoza kukhala pathupi pomera m'njira ya dzira, kunja kwa chiberekero, ndipo njirayo ikaphulika mayi amataya magazi m'kati, osaoneka kunja. Pezani njinga, pezani galimoto, dzutsani aneba, thamangani kuchipatala usiku womwewo.

Achiwiri. Musamwe zinthu zoti zitsegule msambo. Kaya ndi zitsamba za agogo, kaya mapilitsi ochuluka amene mnzanu wakuuzani, kaya za m'botolo zopanda dzina zogulitsidwa pamsika. Simukudziwa chimene chatseka, ndiye mukutsegula chiyani? Zina zimawononga impso ndi chiwindi, zina zimataitsa magazi osaleka. Ngati mwamwa kale ndipo mukutaya magazi kapena thupi latentha, pitani kuchipatala mukanene chimene mwamwa. Thandizo lilipo, ndipo kuchedwa ndi kumene kumapha.

Abambo, nthawi yanu yakwana. Akazi anu akakuuzani kuti mwezi wadutsa, mawu anu oyamba ndi amene adzatsimikize ngati mawa adzakuuzaninso kanthu. Mwamva nokha lero kuti zifukwa ndi zambiri, ndipo zina ndi mankhwala omwe aja munakawatengera nokha kuchipatala. Musathamangire kuwaganizira zoipa, musathamangirenso kuwaletsa kulera. Aperekezeni. Akwezeni panjinga, mukamvere limodzi zimene anamwino anene.

Mukamapita, nyamulani buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, m'mapaketi mwake: a kuchipatala, ogula pagolosale, ngakhale azitsamba. Mayina awo ndi ovuta, ine ndemwe lilime limandipota powatchula, ndiye musavutike kuwaloweza. Adokotala akaona paketi adziwa. Muwauzenso tsiku limene munasamba komaliza. Ngati kuyeza kwaonetsa kuti pathupi palibe, simuli pa jakisoni kapena kapamkono, simukuyamwitsa, koma miyezi 3 yatha osasamba, pitani ndithu ngakhale palibe pakupweteka. Amene muli kutali ndi chipatala, funsani alangizi a zaumoyo, kapena imbani ku Chipatala cha pa Foni.

Pulogalamu ikatha, nsima ikadyedwa, ndikupempheni kanthu kamodzi. Tsegulani kachikwama kapena kachitini kamene mumasungiramo mankhwala, muone zimene zilimo. Kodi amene anakupatsani mankhwala a chifuwa akudziwa za kapamkono kanu? Kodi amene anakubayani jakisoni akudziwa za mankhwala a khunyu? Nanga tsiku limene munasamba komaliza mukulikumbuka, kapena mulilemba pakalendala usiku uno?

Mlungu wamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakamba za amayi amene vuto lawo ndi losemphana ndi la lero, amene amataya magazi ambiri mpaka kulephera kupita kumunda.